Mbuzi Imene Agogo Alibe: Kupenda Nkhani ya Bertrand Russell ya Chaka cha 1905

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 1905, magazini ya filosofi ya ku Britain yotchedwa Mind inasindikiza nkhani ya masamba 15 yolembedwa ndi Bertrand Russell. Mutu wake unali "On Denoting," ndiko kunena za m'mene mawu alozera zinthu. Mkonzi wa magaziniyo, G. F. Stout, sanaikonde, ndipo Russell mwini anasimba pambuyo pake kuti mkonziyo anamdandaulira kuti aiganizirenso, koma iye anaumirira. Lero nkhaniyo iwerengedwa ngati umodzi wa mizati ya filosofi ija imene igwira ntchito yake pophwanya ziganizo kuti ione zimene zili m'kati mwake, imene pa Chingerezi itchedwa analytic philosophy. Frank Ramsey wa ku Cambridge anaiyesa chitsanzo cha m'mene ntchito ya filosofi iyenera kugwiridwira.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani yonseyo yazungulira pa kaliwu kamodzi ka Chingerezi ka zilembo zitatu, "the," kamene ife m'Chichewa tilibe. Tsiku lina nditatchula zimenezi m'kalasi, wophunzira wina anaimirira nafunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati nzeru zakuya chotere zinatuluka m'kaliwu kamene chiyankhulo chathu chilibe, kodi si ndiye kuti Chichewa sichingathe kulingalira molunjika?" Funsolo silinali lachibwana, pakuti mphunzitsi wokhulupirira zotere adzaphunzitsa Chichewa ngati chiyankhulo cha nthano ndi cha pamsika chokha, ndipo ana ake adzakula ndi maganizo omwewo. Tsikulo sindinamuyankhe mokwanira. Tsono ndifuna kupenda nkhani ya Russell pamaso pa owerenga, kuti tione pamene iye analasa, pamene anaphonya, ndi chimene Chichewa chinganene pa mlanduwu.

Vuto limene Russell analipeza

Munthu akafunsidwa tanthauzo la dzina, yankho loyamba kumfikira ndi lakuti tanthauzo la dzina ndicho chinthu chimene dzinalo litchula: tanthauzo la "Mulanje" ndi phiri lenilenilo. Yankho ili lioneka labwino, koma lili ndi ming'alu iwiri.

Mng'alu woyamba anauonetsa Gottlob Frege, mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya Jena ku Germany, m'nkhani yake ya 1892. Iye anapereka chitsanzo cha nyenyezi yowala imene ioneka kum'mawa m'bandakucha, ndi inzake imene ioneka kumadzulo dzuwa litangolowa. Ife chitsanzochi tili nacho kale kwathu. Alice Werner analemba nthano ya Anyanja yakuti mwezi uli ndi akazi awiri: Chekechani wa kum'mawa, amene aumana chakudya kufikira uonda, ndi Puikani wa kumadzulo, amene audyetsa bwino kufikira unenepa. Makolo anaona bwino, pakuti mwezi wotha uoneka m'mamawa chakum'mawa, ndipo mwezi watsopano uoneka madzulo chakumadzulo. Koma akazi awiriwo ndi chinthu chimodzi, pulaneti lotchedwa Venus. Tsono taonani: ndikanena kuti "Chekechani ndiye Chekechani," sindinaphunzitse munthu kanthu, koma ndikanena kuti "Chekechani ndiye Puikani," ndamuuza nkhani imene ingamdzidzimutse. Tanthauzo la dzina likadakhala chinthu chotchulidwacho basi, ziganizo ziwirizi zikadanena chimodzimodzi. Chifukwa chake Frege anati dzina lili ndi mbali ziwiri: chinthu chimene litchula, ndi njira imene lichionetsera kwa ife.

Mng'alu wachiwiri ndi wa mawu otchula zinthu zimene kulibe. Ndikanena kuti phiri la golide kulibe, ndanena zoona. Koma kodi ndikunena za chiyani, popeza phirilo kulibe? Alexius Meinong wa ku Graz ku Austria anayankha kuti zinthu zotere zili ndi makhalidwe ake ngakhale sizipezeka m'dziko. Frege anayankha kuti mawu otere ali ndi njira yoonetsera koma alibe chinthu choonetsedwa, ndi kuti chiganizo chomangidwa pa iwo sichikhala choona kapena chabodza. Russell anakana mayankho onse awiri. La Meinong analiona kuti lidzaza dziko ndi mizukwa ndipo lifika podzitsutsa lokha. La Frege analiona kuti lisiya dzenje m'malamulo a kulingalira.

Yankho la Russell

Russell anagwiritsa ntchito chitsanzo cha mfumu ya France ya nthawi imeneyo, yonenedwa kuti ndi yadazi, pamene mu 1905 France inalibe mfumu konse. Ife titenge chitsanzo chapafupi. Munthu afika pabwalo la milandu nadandaula kuti, "Mbuzi ya agogo yadya chimanga changa." Koma agogowo alibe mbuzi, ndipo sanawetepo mbuzi chibadwire. Kodi mawu a wodandaulayo tiwaweruze bwanji?

Galamala ya kusukulu itiuza kuti "mbuzi ya agogo" ndiye mwininkhani, ndipo "yadya" ndi mneni. Apa m'pamene tisokera, pakuti tiyamba kufunafuna mwininkhaniyo ngati kuti ndi dzina la chinthu. Russell anati mawu otere si dzina konse ayi. Chiganizocho chioneka chimodzi, koma chakhala pa mfundo zitatu monga mphika pa mafuwa. Fuwa loyamba: agogo ali ndi mbuzi. Lachiwiri: mbuziyo ndi imodzi yokha. Lachitatu: yadya chimanga. Tikachilemba bwinobwino chikhala chotere: pali chinthu china chimene chili mbuzi ya agogo, ndipo palibe chinanso chimene chili mbuzi ya agogo, ndipo chinthu chimenecho chadya chimanga. Owerenga aone kuti m'kalembedwe aka mulibenso dzina lofuna mwini. Mwatsala mawu akuti "pali" ndi "palibe," pamodzi ndi mafotokozedwe amene chinthu chingawakwanire kapena kuwalephera. Popeza agogo alibe mbuzi, fuwa loyamba lachoka, mphika wagwa, ndipo chiganizo chonse n'chabodza. Sipafunikanso mbuzi yamzukwa yoti tanthauzo litsamirepo.

Phindu la njirayi lioneka bwino tikafika pa kukana. Lamulo lakale la kulingalira linena kuti pa chiganizo ndi chokana chake, chimodzi chiyenera kukhala choona. Koma tikawerenga mbuzi zimene zadya chimanga, ya agogo palibe. Tikawerenganso zimene sizinadye, palibenso. Kodi lamulolo lasweka? Russell anaonetsa kuti kukana kungagwere malo awiri. Kungagwere pa fuwa lachitatu lokha, ndipo pamenepo tikunena kuti mbuzi ilipo koma sinadye. Limeneli ndi bodza. Kapena kungaphimbe mphika wonse, ndipo pamenepo tikunena kuti si zoona kuti pali mbuzi ya agogo imene yadya chimanga. Izi ndi zoona. Lamulo lija laima chiimire, ndipo chimene chinatisokoneza n'chakuti chiganizo chimodzi chokana chinabisa maganizo awiri.

Ndi mpeni womwewo Russell anadula mfundo ya Frege. Buku la Waverley linatuluka mu 1814 lopanda dzina la mlembi, ndipo Russell anakumbutsa kuti George IV anafuna kudziwa ngati Walter Scott ndiye analilemba. Mfumuyo sinali kufunsa ngati Scott ndi Scott. Inali kufunsa ngati munthu mmodzi yekha analemba bukulo, ndi ngati munthuyo anali Scott. Mawu ofotokoza akaphwanyidwa chotere, chodabwitsa chija chitha.

Phunziro lalikulu limene anthu a filosofi anatengapo ndi lakuti maonekedwe a chiganizo pa galamala angasiyane ndi mafupa ake a m'kati, amene kuona ndi kunama kwake kwatsamirapo. Mafupawo aoneka pokhapokha chiganizocho chitalembedwa m'zizindikiro za lojiki yatsopano, imene Frege anaiyamba m'buku lake la 1879, ndiponso imene Russell ndi A. N. Whitehead anaikuza m'mabuku atatu a Principia Mathematica, kuyambira 1910 kufikira 1913. Ludwig Wittgenstein naye anavomera m'buku lake loyamba kuti ndi Russell amene anaonetsa kusiyana kumeneku.

Zimene Strawson anatsutsa

Kwa zaka 45 chiphunzitsochi chinakhala pampando popanda wochigwedeza kwenikweni. Koma mlandu suola. Mu 1950, m'magazini yomweyo ya Mind, P. F. Strawson wa ku Oxford analemba nkhani yotchedwa "On Referring." Mfundo yake inali yakuti Russell anasokoneza chiganizo ndi kagwiritsidwe ntchito kake. Mawu paokha satchula kanthu; ndi munthu amene atchula, pa nthawi yakutiyakuti ndi pamalo akutiakuti. Mawu onena za mfumu ya France akadanenedwa m'masiku a Louis XIV akadaloza munthu weniweni, koma onenedwa mu 1950 saloza aliyense, ngakhale tanthauzo lake silinasinthe.

Tibwerere kubwalo kuja. Kodi nduna za mfumu zikamva dandaulo lija zidzati "Bodza"? Ine ndiganiza kuti ayi. Zidzayang'anana n'kufunsa kuti, "Mbuzi yake iti? Agogowa alibe mbuzi." Munthu wonena kuti "Bodza" amveka ngati akuikira mbuziyo kumbuyo. Strawson anati wolankhulayo sananene kuti mbuzi ilipo. Iye wangoyambira pamenepo ngati pa chinthu chodziwika kale. Maziko amenewo akasowa, funso la kuona kapena kunama silidzuka n'komwe. Apa Strawson anabwerera pafupi ndi Frege.

Russell anayankha mu 1957, ali ndi zaka 85. Anati iye sanalinge kufotokoza kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, kamene kali kosalongosoka, koma kukonza chiyankhulo choyenera ntchito yofuna kusamala, monga achitira anthu a sayansi. Mkangano sunathere pomwepo. Mu 1966 Keith Donnellan anaonetsa kuti munthu angalakwitse mafotokozedwe koma n'kulozabe bwino. Ndikanena pamsika kuti, "Bambo asenza thumba la chimanga awo agwetsa ndalama," pamene m'thumbamo muli mapira, onse adziwa amene ndikunena, ndipo ndalamazo zidzabwerera kwa mwini wake. Saul Kripke anayankha mu 1977 kuti tiyenera kulekanitsa chimene mawu atanthauza ndi chimene wolankhula afuna kuloza, ndi kuti chitsanzo chotere sichigwetsa Russell.

Kuyesa chiphunzitsochi ndi Chichewa

Tsopano tifike pa funso la wophunzira uja. N'zoona kuti "Mbuzi yadya chimanga" singatiuze payokha ngati ndi mbuzi yodziwika kapena yachilendo. Koma pamene Mchewa afuna kulekanitsa, mawu samsowa. Anena "mbuzi ina" ngati womvera saidziwa. Anena "mbuzi iyi" ikakhala pafupi, "mbuzi iyo" ikakhala poteropo, "mbuziyo" ikakhala kuti yatchulidwa kumene, ndi "mbuzi ija" ikakhala kuti awiriwo anaidziwira limodzi kale. Ntchito zingapo zimene Chingerezi chiunjika pa kaliwu kamodzi, ife tizigawira mawu osiyana.

Mwa mawu amenewa, "ija" ndi mboni yamphamvu ya Strawson. Liwuli liitana womvera kuti akumbukire. Ndikauza mnzanga kuti "Mbuzi ija yafa," iye osakumbukira mbuzi iliyonse, sadzanditsutsa, adzafunsa kuti "Iti?" Mboni ina ili m'kati mwa mneni. "Ndagula mbuzi" ndi nkhani yatsopano, koma "Ndaigula mbuzi ija" inena za mbuzi imene tinakambirana dzulo. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, m'nkhani yawo ya 1987 m'magazini ya Language, anaonetsa kuti kachidutswa ka "-i-" kameneka kagwira ntchito ya mlowam'malo, ndipo dzina lotsatira lingokumbutsa mutu wa nkhani. Chotero galamala yathu ilekanitsa poyera chimene chikunenedwa ndi chimene chayesedwa chodziwika kale.

Komatu Russell nayenso ali ndi mboni zake m'Chichewa. Ndikanena kuti "Amene waba nkhuku yanga ngwolimba mtima," sindikuloza munthu aliyense, pakuti wakubayo sindimdziwa. Ndikunena kuti alipo wina amene waba, ndipo kaya ndi yani, ngwolimba mtima. Chimodzimodzi "mwana woyamba wa mfumu," kapena "phiri lalitali kuposa onse m'Malawi": umodzi wa chinthucho uchokera m'tanthauzo la mawuwo, popanda kaliwu kapadera. Ndipo chimene chiyenera kutsegula maso athu n'ichi: Russell atatha kuphwanya chiganizo, kaliwu ka "the" kazimirira. Zida zotsala ndi "pali," "palibe," "onse," "si," "ndipo," "kapena," "ngati." Zonsezi tili nazo, ndipo owerenga aona kale kuti ndaphwanya nazo dandaulo la mbuzi popanda kubwereka liwu lachilendo. Si ife tokha opanda kaliwuko. Chilatini chilibe, Chirasha chilibe, ndiponso Chipolishi chilibe. Koma Alfred Tarski anatulutsa m'Chipolishi, ku Warsaw mu 1933, ntchito yake yotchuka yolongosola tanthauzo la liwu lakuti "choona" m'ziyankhulo za zizindikiro.

Tisadzitame mopitirira, pakuti nachonso Chichewa chili ndi misampha yake. Russell anadandaula kuti liwu limodzi la Chingerezi, "is," ligwira ntchito zosiyana. Ife tilekanitsa bwino kupezeka kwa chinthu, ponena "pali," "kuli," "muli." Koma liwu lathu lakuti "ndi" lisenza katundu wambiri. Ndikalemba "Chekechani ndi Puikani," wowerenga sangadziwe ngati ndikuwerenga akazi awiri kapena ndikunena kuti awiriwo ndi mmodzi. Polankhula, kukweza ndi kutsitsa liwu kutithandiza. Polemba, tiyenera kusankha "ndiye" monga ndachitira pamwambapa. Chiyankhulo chilichonse chili ndi malo ake oterera, ndipo malowo sakhala amodzimodzi.

Chiweruzo

Kulakwa kwa Russell ndikuona pawiri. Poyamba, fuwa lake lachiwiri n'louma kwambiri. Mayi akafuula kuti "Mphika wasweka," sakunena kuti padziko pali mphika umodzi wokha, ngakhale m'nyumba mwakemo. Akunena za umene unali pamoto, ndipo onse a pakhomo amva. Malo ndi nthawi zithandiza mawu kuloza, ndipo nkhani ya 1905 sinazipatse malo okwanira. Kachiwiri, potcha bodza chimene anthu achiika padera ngati chopanda maziko, Russell anaphimba kusiyana kumene wolankhula aliyense akumva, kumenenso galamala ya Chichewa ikuonetsa. Pa funso la m'mene anthu alankhulira, Strawson anaona zambiri.

Koma pa funso la chimene munthu wadzimanga nacho pamene walankhula, Russell sanagonje. Ngakhale titavomera kuti wodandaula uja sananene poyera kuti mbuzi ilipo, mawu ake sangakhale oona popanda mbuzi. Mafuwa atatu aja alipobe, ngakhale ena akwiririka m'phulusa. Ubwino wa njira ya Russell ndi wakuti iwafukula onse ndi kuwaika poyera, kuti lililonse lifunsidwe palokha. Strawson mwini sakadatha kunena bwino mfundo yake akadapanda kupeza mafuwawo atawerengedwa kale.

Ichi chitikhudza ife aphunzitsi tsiku ndi tsiku. Mwana akafunsidwa kuti, "Unalibisa kuti buku limene unaba?" yankho lililonse lolunjika limmanga. Akati "Sindinalibise," wavomera kuti anaba. Funsolo lanyamula mlandu umene sunaweruzidwe, ndipo mwana wosadziwa kuliphwanya agwidwa ngati mbewa pa diwa. Mafunso otere apezeka m'kalasi, pabwalo la milandu, m'mapepala a mayeso ndi m'makalata a pangano. Munthu wophunzira kufunsa kuti, "Taimani kaye, kodi chinthu mukunenachi chilipo? Kodi n'chimodzi? Nanga chimene mukuchinenera n'choona?" wapeza chishango chimene chidzamtchinjiriza moyo wake wonse.

Chifukwa chake ndipempha anzanga kuti ayese ntchito iyi m'makalasi awo a Chichewa. Alembe pa bolodi ziganizo zisanu zonga za mbuzi ija, nauze ophunzira kuti atulutse mfundo zonse zimene chiganizo chilichonse chakhalapo, ndi kuonetsa malo awiri amene kukana kungagwere. Kenaka asinthe "ina" ndi "ija," naone chimene chasintha kwa womvera. Ntchitoyi ifuna kufatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma sifuna liwu limodzi la Chingerezi. Wophunzira wanga uja ndamuuza kuti ayambe ndi ntchito yomweyi pamene adzapite kukayesera kuphunzitsa, ndipo yankho la funso lake adzalimva kwa ana ake omwe.